Mtumwi Adatumidwa ndi Yani? Phunziro Lochokera ku Mbombwe

Zaka makumi anai zapitazo, Mkhristu wamba akamva mau akuti mtumwi, maganizo ake ankathamangira kwa Petro, Yohane kapena Paulo, anthu a m'Baibulo amene adamwalira kalekale. Lero zinthu zasintha. Pa Mbulumbuzi, pa Namitambo, pa Njuli ndi pa Namadzi, zikwangwani za mipingo zaima mondondozana ngati za magolosale, ndipo pansi pa dzina la mpingo pamalembedwa dzina la mwini wake: Mtumwi Uje, Mneneri Uje, Bishopu Wamkulu Uje. Lamulungu m'maŵa sukulu imodzi ya pulaimale imasunga mipingo itatu kapena inai, uwu m'kalasi umu, uwo m'kalasi umo, ndipo munthu akafufuza bwino amapeza kuti kaŵirikaŵiri iŵiri mwa mipingoyo inali mpingo umodzi zaka zoŵerengeka zapitazo.

Kalembera wa anthu wa m'chaka cha 2018 adaonetsa kuti mwa anthu 100 alionse m'Malaŵi muno, 17 ndi Akatolika ndipo 14 ndi a CCAP. Koma gulu limene lidaposa onse ndi lija alembi adangolitcha kuti mipingo ina yachikhristu, pakuti m'menemo mudaloŵa anthu pafupifupi 27 mwa 100 alionse. Ufulu wa chipembedzo ndi chinthu chamtengo wapatali, ndipo malamulo aakulu a dziko lino a m'chaka cha 1994 amauteteza. Komabe pamene mipingo ikuchulukirachulukira, ndipo nkhani za abusa olandana matchalitchi, otsekerana zitseko ndi otengerana ziletso ku khoti zikumveka chaka ndi chaka, mpofunika kuti tifunse funso limene ambiri amaliopa: kodi mphamvu za mtsogoleri wa mpingo zimachokera kuti, ndipo akalakwa angamfunse ndani?

Ife a ku Chiradzulu sitiyenera kupita kutali kukafuna yankho. Mbiri ya boma lathu lino, makamaka ya mishoni ya Providence Industrial Mission ku Mbombwe, ikuonetsa kuti mipingo yambiri siigaŵikana chifukwa cha chiphunzitso, koma chifukwa cha mpando, thumba ndi malo, ndiponso kuti mpingo umene watsamira pa munthu mmodzi umang'ambika tsiku limene munthuyo wachoka.

Dzina lili ndi tanthauzo

Tiyambe ndi dzina lenilenilo. Mau akuti mtumwi adachokera ku mneni kutuma, ndipo tanthauzo lake ndi lomwelo la mau a Chigiriki amene ena amaŵatchula kuti apositoli. Mtumwi ndi munthu wotumidwa. Tsono aliyense amene adatumidwapo, ngakhale mwana wotumidwa kukagula mchere, amadziŵa kuti kutumidwa kuli ndi mbali ziŵiri. Pali kupita, palinso kubwerera kudzanena kwa amene adakutuma ndi kupereka chenji.

Mbiri ya mpingo woyamba, monga idalembedwera m'buku la Machitidwe a Atumwi ndi m'makalata a Paulo, ikuonetsa kuti atumwi enieni ankachita zomwezo. Paulo ndi Barnaba adapatulidwa ndi mpingo wa ku Antiokeya, ndipo atatha ulendo wao adabwerera komweko, nasonkhanitsa mpingo, naufotokozera zonse zimene zidachitika. Kutabuka dandaulo lakuti amasiye ena akumanidwa chakudya, atumwi sadakakamire ntchito yogaŵayo, koma adauza mpingo kuti usankhe anthu asanu ndi aŵiri oti aziiyang'anira. Pamene Paulo ankasonkhetsa ndalama zothandizira osauka a ku Yerusalemu, sadafune kuzinyamula yekha, koma adayenda ndi anthu osankhidwa ndi mipingo kuti pasakhale pomunenera. Mkangano wa mdulidwe utafika povuta, iye sadathaŵe kukayambitsa mpingo wakewake, koma adapita ku Yerusalemu kukakhala pa bwalo ndi anzake. Ngakhale Petro, ndi ukulu wake wonse, adadzudzulidwa pagulu ku Antiokeya. Choncho munthu amene akufuna dzina la utumwi azindikire kuti dzinalo limabwera ndi goli lake.

Mayankho atatu m'boma limodzi

Boma la Chiradzulu ndi laling'ono, koma mayankho atatu akuluakulu a funso lathu adafika kuno ndi kuima moyandikana.

Yankho loyamba ndi la mipingo yokhala ndi mabishopu, imene imaphunzitsa kuti udindo umayenda mwa kusanjika manja, kuchokera kwa atumwi oyamba kufikira kwa bishopu wa lero, ngati unyolo wosaduka. Charles Mackenzie adadzozedwa ubishopu ku Cape Town pa 1 January 1861, ndipo m'chaka chomwecho adafika ku Magomero, kumalire a Chiradzulu ndi Zomba, motsogozedwa ndi David Livingstone. Sadakhalitse, pakuti adamwalira ndi malungo pa 31 January 1862 pafupi ndi pamene Ruo amathira mu Shire. Koma udindo sudafe naye. Mpingo udatumiza Bishopu William Tozer, amene adasamutsira mishoni ku Zanzibar mu 1864, ndipo patapita zaka Aangilikani adabweranso kudzera kunyanja nakhazikika pa Likoma mu 1885. Akatolika nao, ansembe a chipani cha Montfort, atayamba ntchito ku Nzama mu 1901 adatsekula mishoni ya Nguludi mu 1903. M'dongosolo limeneli wansembe sadzipatsa parishi, ndipo akasamutsidwa sanyamula tchalitchi. Mphamvu yake ndi imeneyo. Kufooka kwake kunali kuchedwa kupereka udindo kwa eni dziko, pakuti wansembe woyamba Wachikatolika wa m'dziko muno, Cornelius Chitsulo, adadzozedwa mu 1937, ndipo padapita zaka zina pafupifupi 20 kuti akhale episikopi.

Yankho lachiŵiri ndi la Apresibeteriya, amene adafika ku Blantyre kuchokera ku Scotland mu 1876 nafalitsa masukulu ao m'midzi yozungulira, kuphatikizapo ya kuno. Iwo amati mphamvu isakhale mwa munthu mmodzi koma m'bwalo. Mbusa amakhala pamodzi ndi akulu a mpingo m'seshoni, seshoni imayankha ku presibitale, presibitale ku sinodi. Nzeru yake ndi ija makolo adainena kuti mutu umodzi susenza denga. Koma naonso adachedwa. Harry Kambwiri Matecheta, mwana wa kwathu kuno ku Nguludi, ndi mnzake Stephen Kundecha, adadzozedwa ubusa mu 1911, patatha zaka 35 chifikire mishoni.

Yankho lachitatu ndi la Abapatisti, amene amati mphamvu ili mumpingo wa pamalo, ndiko kuti mwa okhulupirira obatizidwa atasonkhana, ndipo iwoŵa ndiwo amaitana mbusa. Yankho limeneli lidafika ku Mbombwe ndi John Chilembwe mu 1900, zaka 11 Matecheta asanadzozedwe. Apa pali mfundo imene oyambitsa mipingo a masiku ano, amene amakonda kudzifanizira ndi Chilembwe, amaidumpha. Chilembwe sadadzidzoze yekha. Adabatizidwa ndi Joseph Booth mu 1893, adapita naye ku America mu 1897, adaphunzira pa sukulu ya ubusa ku Lynchburg m'chigawo cha Virginia, nadzozedwa komweko, ndipo adabwerera kwao atatumidwa ndi bungwe la Abapatisti akuda la National Baptist Convention. Bungweli lidamtumizira omthandiza, Mbusa Landon Cheek mu 1901 ndi Mai Emma DeLany mu 1902, ndipo iye ankalembera makalata akuluakulu a bungwelo kuŵafotokozera za ntchito. Anali wotumidwa weniweni, wodziŵa kupita ndi kubwerera.

Mbombwe ayesedwa katatu

Mwa mayankho atatuŵa, lachitatu ndilo liyenera kutichedwetsa, chifukwa ndilo likufanana kwambiri ndi mipingo yatsopano ya lero: mtsogoleri wakuda, wamphatso, wokondedwa ndi anthu, woyambitsa ntchito pa malo amene panalibe kanthu. Ntchito ya ku Mbombwe idayesedwa katatu.

Chiyeso choyamba chidadza mu 1915. Nkhanza za thangata pa minda ya A. L. Bruce ku Magomero, kuotchedwa kwa nyumba zopemphereramo za PIM pa mindayo, ndi kutengedwa kwa anthu akuda kukafera m'nkhondo ya Azungu, zidamfikitsa Chilembwe poukira boma la atsamunda usiku wa pa 23 January. William Jervis Livingstone, kapitao wamkulu wa mindayo, adaphedwa, ndipo patapita masiku ochepa mishoni ya Nguludi idaotchedwa. Pa 3 February Chilembwe adaomberedwa akuloŵera kumalire a Mozambique. Tchalitchi chake chachikulu cha njerwa, chimene chidangotha kumangidwa mu 1913, chidagwetsedwa, atsogoleri anzake ambiri adanyongedwa kapena kumangidwa, ndipo mishoni idatsekedwa zaka 11. Sitikuweruza za kuukirako pano, pakuti dziko lidaweruza kale: pa 15 January chaka chilichonse timamkumbukira, ndipo nkhope yake ili pa ndalama zathu. Chimene tikufuna kuona ndi chakuti mbusa atagwa ndi makoma atagumulidwa, mpingo udatsala m'manja mwa anthu wamba opanda maudindo, ndipo pamene chitseko chidatsekulidwanso, anthu oti aloŵe analipo. Mwini wake wa mpingo adaoneka pamenepo.

Amene adatsekula chitsekocho ndi Dr Daniel Sharpe Malekebu, mwana wa ku Chiradzulu komwe kuno, mmodzi mwa ophunzira oyamba a ku Mbombwe. Iye adatsatira Mai DeLany ku America ali mnyamata, naphunzira udokotala pa Meharry Medical College ku Nashville, kumene adatsiriza mu 1917, zaka 20 Dr Kamuzu Banda asanatsirize pa sukulu yomweyo. Atayesa kubwerera kwao mu 1921 boma la atsamunda lidamkaniza kukhala, kotero kuti adakagwira ntchito ku Liberia. Mu 1926 adaloledwa, ndipo pamodzi ndi mkazi wake Mai Flora adadzutsanso PIM, namanga tchalitchi, sukulu ndi chipatala. Anthu opita ku ntchito za m'migodi ndi m'mafamu adaunyamula mpingowo kufika nao ku Mozambique, ku Rhodesia ndi ku South Africa, ndipo mu 1945 Malekebu adasonkhanitsa mipingo yonseyo m'bungwe la National Baptist Assembly of Africa, limene pambuyo pake lidadziŵika kuti African Baptist Assembly.

Chiyeso chachiŵiri chidadza ntchito ili m'kati mokula. M'zaka za m'ma 1930 Akhristu ena a PIM a m'chigawo cha pakati, motsogozedwa ndi Peter Kalemba, adapatuka nakhazikitsa mpingo wa Achewa Providence Industrial Mission. Dzinalo likutiuza kanthu. Iwo sadataye dzina la mai wao, koma adaonjezerapo la mtundu wao, ngati kunena kuti chikhulupiriro ndi chomwecho, koma oyendetsa ndife. Mpingo ukakula ndi kufika kutali, funso lakuti ndani alamule yani limabuka lokha, ndipo ngati palibe bwalo lolikambirana, limadzipezera njira yotulukira monga madzi achitira pa mzere wa m'munda.

Chiyeso chachitatu ndicho chidapweteka kwambiri. Dr Malekebu adatsogolera PIM zaka 45. Mu 1971, atakalamba, adachoka pa mpando pakati pa mikangano yokhudza kayendetsedwe ka ndalama za mishoni, mikangano imene bungwe lothandiza la ku America lidaloŵererapo. Mbusa Leonard Muocha ndiye adaloŵa m'malo mwake. Koma Akhristu ena, amene kwa iwo PIM inali Malekebu ndipo Malekebu anali PIM, sadavomere, ndipo mpingo udang'ambika. Malekebu adamwalira mu 1978. Sicholinga chathu kunena amene adalakwa pakati pa akuluakulu ameneŵa, pakuti onse adatumikira dziko lino m'nthaŵi yovuta. Koma taonani, aŵerengi: mbali zonse ziŵiri zinkabatiza mofanana, zinkaŵerenga Baibulo limodzi, zinkalemekeza Chilembwe mmodzi. Panalibe chiphunzitso cholimbirana. Nkhani inali ya makiyi.

Apa ndi pamene pagona phunziro lalikulu. Pa chiphunzitso, Abapatisti amati mphamvu ili mumpingo. Koma m'machitidwe, mphamvu ya ku Mbombwe idagaŵikana paŵiri: ulemu ndi chikondi cha anthu zinali mwa munthu mmodzi, pamene thumba lalikulu linali kutsidya kwa nyanja. Aŵiriŵa atasemphana, Mkhristu wamba wa ku Ndunde kapena ku Milepa adatsala ndi voti imodzi yokha, ya mapazi: kutsala kapena kutuluka. Paja njovu zikamamenyana wovutika ndi udzu. Tsono ngati izi zidachitikira mpingo wa mbiri yotere, wotsogozedwa ndi munthu wophunzira ndi wodzipereka ngati Malekebu, nanga kudzatani ku mpingo umene woyambitsa wake ndi yemweyo mtumwi, yemweyo msungichuma, yemweyo mwini malo, ndipo mkazi wake ndiye wachiŵiri wake?

Kodi kupatuka n'kulakwa nthaŵi zonse?

Wina anganene kuti tikuikira kumbuyo mipingo yakale. Si choncho. Mipingo yakaleyo yambiri idabadwanso mwa kupatuka. Apresibeteriya ndi Abapatisti ndi zidzukulu za mkangano umene Martin Luther adauyambitsa mu 1517. M'dziko lathu lino, Elliot Kamwana adabatiza anthu zikwizikwi ku Nkhata Bay mu 1908 ndi 1909 pamene ambiri anali atatopa ndi kudikira zaka kuti amishoni aŵabatize. Yesaya Zerenji Mwasi, mmodzi mwa abusa oyamba a Livingstonia, adatuluka mu 1933 chifukwa adaona kuti munthu wakuda sakupatsidwa ulemu womuyenera m'nyumba ya Mulungu. Ameneŵa sitingaŵatche osokoneza. Pamene bwalo lakana kumva, nthaŵi zina munthu wachikumbumtima satsala ndi njira ina.

Tivomerezenso kuti mipingo yatsopano ikufika pamene yakale idalephera. Kumene mbusa mmodzi amayang'anira nyumba zopemphereramo zambirimbiri ndi kuoneka kamodzi pa miyezi ingapo, mlaliki wa mpingo watsopano amakhala m'mudzi momwemo, amafika pa matenda usiku, amapatsa achinyamata ndi amai mpata wolankhula. Anthu sathamangira kumeneko chifukwa cha umbuli. Amapita kumene akuŵadziŵa maina. Ndipo ina mwa mipingo imene idayamba ndi munthu mmodzi, monga Living Waters imene Stanley Ndovie adaiyambitsa mu 1985, idakula ndi kufalikira m'zigawo zonse za dziko.

Choncho pali mipatuko ya mitundu iŵiri, wa chikumbumtima ndi wa mpando. Kuisiyanitsa sikuvuta. Wopatuka chifukwa cha chikumbumtima amatha kunena momveka chimene akukana, ndipo kumene wapitako amakhazikitsa bwalo labwino kuposa limene walisiya. Wopatuka chifukwa cha mpando amachoka pamene wauzidwa kuti asamuke, pamene wafunsidwa za chopereka, kapena pamene walephera chisankho, ndipo kumene wapitako chinthu choyamba chimene amachotsa ndi bwalo. Tambala wotere safuna khola labwino, amangofuna khola lolira yekha.

Mabwalo naonso amakangana

Tisanyengedwe kuti mpingo ukakhala ndi sinodi ndiye kuti mtendere wafika. CCAP idapangidwa mu 1924 pamene Livingstonia ndi Blantyre adagwirizana, ndipo Nkhoma adaloŵamo mu 1926. Koma mkangano wa malire pakati pa sinodi ya Livingstonia ndi ya Nkhoma, umene udakulira cha ku Dwangwa, udafika poti m'zaka za m'ma 2000 Livingstonia idatsekula mipingo yake mu Lilongwe, Nkhoma nayo yake ku Mzuzu. Dzina ndi limodzi, koma matchalitchi aŵiri oyang'anizana. Apanso nkhani si ya chiphunzitso. Ndi ya malo, chinenero ndi ulamuliro.

Komabe pali kusiyana. Mkangano wa mabwalo umakhala ndi zolembedwa, umakhala ndi koukambira, ndipo atsogoleri amene adauyambitsa amatha nthaŵi yao pa udindo n'kuloŵa ena. Ndiponso mpingo wogwirizana uli ndi mphamvu imene atumwi chikwi oima payekhapayekha sangakhale nayo. Pa 8 March 1992 kalata ya maepisikopi Achikatolika yodzudzula kuponderezedwa kwa anthu idaŵerengedwa m'maparishi a dziko lonse tsiku limodzi. Boma lidakwiya, Monsinyo John Roche wa ku Mzuzu adathamangitsidwa m'dziko, koma kalatayo sidatheke kuizima chifukwa sinali ya munthu mmodzi. Atsogoleri a mipingo ina, pamodzi ndi Asilamu, adaimirira nao m'bungwe la Public Affairs Committee, ndipo pa 14 June 1993 Amalaŵi adavotera ulamuliro wa zipani zambiri. Chala chimodzi sichiswa nsabwe. Dziko likadzafunanso mau otere, kodi adzachokera ku mipingo imene yalephera kukhala pamodzi m'kalasi imodzi?

Kodi boma liloŵererepo?

Ena, potopa ndi aneneri ogulitsa madzi ndi mafuta, ndi ouza odwala kuti asiye mankhwala, amati boma liike lamulo lokhwima. Amatchula dziko la Rwanda, limene mu 2018 lidatseka nyumba zopemphereramo zikwizikwi ndi kulamula kuti abusa akhale ndi maphunziro a ubusa. Amatchulanso za ku Shakahola m'dziko la Kenya, kumene mu 2023 kudafukulidwa mitembo yoposa 400 ya anthu amene mlaliki wao adaŵauza kuti asale chakudya mpaka imfa. Nkhaŵa yao ndi yomveka.

Koma ife Amalaŵi tili ndi zipsera zotichenjeza. Boma la atsamunda ndilo lidatseka Mbombwe kuyambira 1915 mpaka 1926, litaganiza kuti likudziŵa mpingo woyenera ndi wosayenera. Boma lathu lomwe lidaletsa Mboni za Yehova mu 1967, ndipo anthu zikwizikwi adazunzidwa ndi kuthaŵira ku Zambia ndi ku Mozambique, kufikira chiletsocho chidachotsedwa mu 1993. Boma likapatsidwa mphamvu yonena kuti uyu ndi mtumwi woona, uyu wabodza, mphamvuyo siichedwa kugwiritsidwa ntchito pa amene akulidzudzula. Wakuba, wogwiririra ndi wolanda katundu wa amasiye ali ndi malamulo omudikira kale, avale kolala kapena asavale, ndipo apolisi ndi makhoti asaope kuŵagwiritsa ntchito. Koma funso la utumwi si la nduna. Ndi la Akhristu eni ake.

Mafunso anai a Mkhristu wamba

Pa chikhalidwe chathu palibe munthu amadzilonga ufumu. Mbumba imakhala pansi ndi kusankha, mafumu anzake amabwera kudzamlonga, ndipo tsiku lomwelo akuluakulu amamlangiza pamaso pa anthu. Mfumu ikasokonekera, eni mbumba amadziŵa kokadandaula. Nanga bwanji anthu omweŵa, amene pa nkhani ya ufumu wa m'mudzi amafunsa mpaka mzere wa agogo, akafika pa nkhani ya moyo wao wauzimu amangovomera aliyense amene wagula chimkuzamau? Pali mafunso anai amene Mkhristu aliyense ali ndi ufulu wofunsa, mwaulemu koma mosaopa.

Loyamba: ndani adakudzozani, ndipo kodi amene adakudzozaniwo angathe kukuimitsani mukalakwa? Munthu akayankha kuti adaitanidwa ndi Mulungu m'maloto, tisamtsutse, pakuti za mumtima mwake sitiziona. Koma ngakhale Paulo, amene adaitanidwa pa njira ya ku Damasiko, adapita kukaonana ndi atumwi anzake. Maitanidwe amamveka ndi munthu mmodzi, koma amatsimikizidwa ndi ambiri.

Lachiŵiri: ndani amaŵerenga chopereka ndi chakhumi, ndipo mpingo umauzidwa liti za momwe zayendera? Ndalama ziŵerengedwe ndi anthu oposa mmodzi amene si abale a mbusa, zisungidwe ku banki m'dzina la mpingo, ndipo lipoti liŵerengedwe pagulu. Mbusa wokhulupirika sataya kanthu pamenepa. Amapindula, chifukwa mabuku olembedwa bwino ndiwo adzamteteze tsiku limene adani adzamnamizire.

Lachitatu: malo ndi tchalitchi zidalembedwa m'dzina la yani? Apa ndi pamene mipingo yambiri imagwera. Amai amatunga madzi, achinyamata amaumba njerwa, abambo amasonkha malata, koma pepala la malo lili m'dzina la woyambitsa. Iye akamwalira, tchalitchi chimasanduka chuma cha masiye cholimbirana mkazi, ana ndi adzukulu, ndipo amene adachimanga amapezeka akupemphera pansi pa mtengo. M'boma lodzaza anthu ngati Chiradzulu, mmene anthu oposa 350,000 apanikizana pa malo ochepa, malo otayika chotere sapezekanso. Lamulo la Trustees Incorporation Act limalola mpingo kulembetsa gulu la anthu osunga katundu wake, kuti katunduyo akhale wa mpingo osati wa banja.

Lachinai: mukadzachoka kapena kumwalira, adzasankhe woloŵa m'malo ndani, ndipo adzamsankha motani? Funsoli ndi lovuta kufunsa, chifukwa pa chikhalidwe chathu limamveka ngati kulosera munthu imfa. Koma mbiri ya ku Mbombwe ikutiuza kuti funso limene silifunsidwa mtsogoleri ali ndi mphamvu limadzayankhidwa ndi misozi iye atafooka. Mtsogoleri wokonda nkhosa zake amalemba yankho lake masana dzuŵa likuŵala, ndipo amaphunzitsa omloŵa m'malo osaŵaona ngati adani.

Mtsogoleri amene angakwiye ndi mafunso anaiŵa, naopseza wofunsayo ndi matemberero, wayankha kale. Amene angaŵalandire ndi kuŵayankha pamaso pa mpingo, kaya amatchedwa mbusa, wansembe, bishopu kapena mtumwi, ameneyo ndi woyenera kumtsata, pakuti waonetsa kuti akudziŵa kuti nkhosa si zake. PIM ilipo mpaka lero ku Mbombwe, patapita zaka zoposa 120, osati chifukwa sidagwedezeke, koma chifukwa nthaŵi iliyonse imene mtsogoleri adagwa kapena kuchoka, padatsala anthu amene ankadziŵa kuti mpingowo ndi wao. Mipingo ya m'makalasi mwathumu idzayesedwa ndi muyeso womwewo.

M'chigawo chotsatira tidzaona za amai a m'mabungwe a mipingo, amene ndiwo ochuluka m'tchalitchi ndi pa ntchito zake, koma ochepa pa bwalo pamene mipingoyo imagaŵidwira.